Futali wa ku Chizumulu

Ndikukumbukira tchuthi chimene ine ndi akulu anga a Malita tinakakhala pachilumba cha Chizumulu, pakati penipeni pa nyanja. Ndinali kamtsikana ka Sitandade 5 pasukulu ya kwathu kuno ku Nambuma, ndipo a Malita anali atangomaliza Fomu 3 kusukulu yogonera komweko. Pabanja pathu ndi iwo okha amene anaponda kusekondale. Fodya wa abambo ankathera pa iwo, ndipo tonse tinkawaona ngati nkhokwe yathu ya mawa.

Amene anatiitana anali amalume, alongo awo a amayi, omwe ankaphunzitsa kuchilumbako. Akazi awo anali oyembekezera, ndipo anali atawolokera ku Likoma kukadikirira kuchipatala chachikulu. Pakhomo panalibe wophika, ndiponso kaokala kawo ka sopo, mchere, shuga ndi palafini kanalibe wogulitsa. Amalume analonjeza kuti a Malita akagwira ntchitoyo tchuthi chonse, adzawagulira yunifomu ndi nsapato zoyambira Fomu 4. Ine anangonditengera kotunga madzi ndi kutsuka mbale.

Amayi sanakondwe nazo. Madzi aakulu amene ankawadziwa anali a mtsinje wa Bua ukadzaza, ndipo amenewonso ankawaonera patali. Tsiku lonyamuka anatimangira ufa woyera ndi kathumba ka mtedza woswa kale, n'kutiperekeza mpaka pamsewu. Matola itaima sanalankhule ndi a Malita ayi. Anagwira mkono wanga mpaka zala zawo zinadinda, n'kunena kuti, "Iwe Edina, mukupita awiri. Mukabwere awiri." Ndinadabwa kuti akuuza ine wamng'ono. Ndinadzazindikira nditakula kuti a Malita sankaopa kanthu, pamene ine ndinkaopa chilichonse, ndipo amayi ankadziwa kuti wamantha ndiye mlonda wabwino.

Za ulendo wa pasitima sindikumbukira zambiri, chifukwa kuchokera ku Nkhata Bay ndinangogona pamatumba a anthu, chizungulire chitandigwira. Titafika anatitsitsira m'kaboti, ndipo pafupi ndi mtunda bambo wina wosamudziwa anandinyamula paphewa ngati thumba la chimanga n'kukanditula pamchenga. Nditatsegula maso ndinaona malambe akuluakulu, miyala paliponse, ndi timinda ta chinangwa tokwera phiri ngati masitepe. Galimoto panalibe, ngolo panalibe, nkhokwe ya chimanga sindinaione ngakhale imodzi. Kulikonse kumene ndinkatembenukira, njira inkathera m'madzi. Inali nyengo ya mwera, ndipo mafunde ankawomba miyala osapuma, moti mtima wanga sunakhazikike tsiku ndi limodzi lomwe.

A Malita anazolowera msanga ngati anabadwira komweko. M'mawa ankakhala muokala, akuseka ndi ogula n'kumatola mawu a Chitonga. Masana ankapita kwa Esinati, mtsikana wa msinkhu wawo wa nyumba yoyandikana nafe, kukamuthandiza kuyanika usipa pamathandala. Ankabwera akununkha nsomba, mamba ali mbuu m'mikono. Analowa timu ya ntchemberembaye, ndipo Loweruka ankamanga nsalu m'chiuno kukaphunzira gule wa chioda ndi atsikana anzawo, ngakhale kuti mapazi awo ankangofuna kuvina chimtali cha kwathu.

Ine ntchito yanga inali yolondera. Akapita kukasamba, ndinkaima pamtunda nditagwira chitenje chawo, n'kumakuwa kuti, "Achemwali, basi, mwafika patali!" pamene madzi anali m'mawondo. Anyamata asodzi akabwera kuokala kudzagula machesi kachiwiri tsiku lomwelo, ndinkakhala pathumba la mchere n'kuwayang'anitsitsa mpaka achoke. Ana a pachilumbapo ananditcha wapolisi. Sindinkadandaula nazo. Ndinkalondera madzi, ndinkalondera anyamata, koma za mphika sindinaziganizirepo.

Ufa wathu woyera utatha, tinayamba kudya kondowole, nsima ya chinangwa. Inkamata m'manja, inkakana kuduka, ndipo inali ndi kafungo kowawasa. Ine ndinkangomeza, koma a Malita ankadya nsomba zokha n'kukankha mbale. Fungolo tinkadziwa kumene linkachokera. Amayi akumeneko ankasenda chinangwa n'kuchiviika m'mitsuko ikuluikulu masiku angapo, mpaka chifewe ndi kuchita thovu, kenako n'kuchiyanika pamiyala. A Malita akamadutsa pamitsukoyo ankatseka mphuno. Ife tinkaganiza kuti amaviika kuti chisavute kusinja, monga momwe kwathu timaviikira mphale. Chinangwa chomwe tinkachidziwa chinali manyokola, chimene tinkagula pamsika n'kumatafuna chachiwisi pobwera kusukulu. Sitinafunse munthu, ndipo palibe amene anaganiza zotiuza chinthu chomwe kumeneko ngakhale mwana woyamba kuyenda amachidziwa.

Tchuthi chili pakati, uthenga unabwera kuti akazi a amalume achira, kwabadwa mwana wamwamuna. Amalume anakwera boti tsiku lomwelo, akuti abwera mawa lake. Koma mwera unakula, nyanja inayera ndi mafunde, ndipo asodzi onse anakokera mabwato awo kumtunda. Tinatsala awiri pakhomo.

M'mawa wina a Malita anadzuka ndi maganizo. Anati aitana Esinati ndi anzake madzulo kuti adzalawe chakudya chenicheni cha kwathu, futali wa chinangwa wothira nsinjiro. Mtedza unali wosowa pachilumbapo, ndipo wathu uja tinali tikuusungabe. Anatenga khasu n'kukakumba m'kamunda ka amalume kuseri kwa nyumba. Chinangwa chake chinali chachikulu, choyera bwino mkati. Iwo ankasenda ndi kuduladula, ine ndikusinja mtedza mumtondo wobwereka. Fungo la nsinjiro litayamba kutuluka mumphika, ndinamva ngati ndili pakhonde la amayi ku Nambuma.

Atapakula kuti tilawe, ndinaluma kachidutswa kamodzi. Poyamba kanakoma, kenako kuwawa kunagwira kukhosi.

"Achemwali, chikuwawa ichi."

"Chikuwawa ndi mantha akowo. Uli ndi chinthu chimene sumachikayikira iwe? Thiramo nsinjiro zina."

Ine ndinalavula n'kuyamba kutafuna mtedza wotsala. Iwo, ndi njala ya masabata onse aja, anamaliza mbale yawo, n'kutenganso yanga. Kenako anavundikira mphika kuti usungire alendo, n'kupita kukatsegula okala.

Dzuwa litapendeka pang'ono, ndinawaona akupatsa mayi wina sopo pamene anapempha mchere. A Malita anaseka, n'kugwira pamphumi. Anati mutu ukuwawa, mashelefu akuzungulira. Atati atuluke panja, miyendo inakana, ndipo anagwada pakhomo penipeni n'kuyamba kusanza. Thukuta linali kamukamu ngakhale kunja kunkazizira. Ankapuma mofulumira ngati munthu wothamangitsidwa. Ndinawaitana dzina, koma maso awo ankayang'ana kupyola ine.

Ndinathamangira kumathandala kumene kunali Anyachirwa, amayi ake a Esinati. Ndinangogwira nsalu yawo n'kumakoka mpaka ananditsatira. Atafika anayang'ana a Malita, kenako anaona makoko a chinangwa pafupi ndi khomo la khitchini. Anatola limodzi, kulikanda ndi chikhadabo, kuligunditsa palilime, n'kulavulira kutali.

"Mayi ine! Mwaphika gomani wosaviika? Wadya ndani wina?"

Ndinapukusa mutu, koma sanandikhulupirire. Ananditsegula pakamwa ngati akugula mbuzi, n'kundinunkhiza. Kenako anakuwa m'Chitonga, ndipo azimayi anatulukira mbali zonse. Wina anatenga mphika uja n'kukakhuthulira m'chimbudzi kuti ziweto zisadye. Anyachirwa anakhazika a Malita pamiyendo pawo, kuwapisa chala kukhosi kuti asanzenso, n'kumawamwetsa madzi a shuga wa muokala momwemo. Madzi ambiri ankangotsikira m'khosi kunja.

Poti galimoto kunalibe, anamanga zitenje pamtengo wopalasira bwato n'kuwagoneka mmenemo. Chipatala chaching'ono cha pachilumbapo chinali kuseri kwa phiri, njira yake ya miyala yokhayokha. Azimayiwo ankasinthana paphewa osaima. Ine ndinkathamanga pambuyo nditanyamula nsapato za a Malita, zakusukulu zakutha kuchidendene, sindikudziwa chifukwa chimene ndinazitengera. Mkono wawo umodzi unkalendewera kunja kwa chitenje, ndipo ndinkauyang'anitsitsa kuti ndione ngati zala zikugwedezeka. M'mutu mwanga munali mawu a amayi okhaokha. Ndinkadziona ndikutsika matola pamsewu paja ndekha, amayi akusuzumira kumbuyo kwanga. Ndinkaganizanso kuti ndi mphepo imeneyi, munthu akafera kuno amuika konkuno, pakati pa miyala, kumene amayi sadzafikako mpaka kalekale.

Adokotala anawaika diripi, n'kunena kuti zikapitirira afunika kupita ku Likoma. Atatero anasuzumira pawindo kuyang'ana nyanja yolusa ija. Ine ananditulutsa panja. Esinati anadzakhala nane pansi pa mlambe, n'kundifotokozera pang'onopang'ono kuti chinangwa chawo chambiri, chotchedwa gomani, n'chowawa, chili ndi poizoni, ndipo kuviika kuja n'kumene kumamuchotsa. Amachikonda chifukwa chimabereka bwino pamiyala, ndiponso mbuzi ndi akuba salimbana nacho. Pofuna kuti ndimvetse, anandiuzanso za mbuzi ya agogo ake imene inamwa madzi a mumtsuko n'kufera pomwepo. Ataona nkhope yanga anasiya nkhaniyo, n'kungondigwira dzanja.

Usiku wonsewo sindinadye, sindinachoke pakhonde la chipatalacho, nsapato zili pamiyendo. Munthu aliyense wotuluka m'chipindamo ndinkamuwerenga pankhope. Kutacha, Anyachirwa anatuluka maso ali ofiira n'kundikodola. Nditalowa ndinapeza a Malita atatsamira khoma, milomo itauma, maso atalowa mkati. Atandiona anafunsa ndi mawu otsika kuti, "Edina, okala uja unatseka?" Ndinalira mpaka adokotala anabwera kudzaona ngati kwagwanso china.

Mwera utaleka amalume anabwera, ndipo atamva nkhaniyo anakhala pansi pamchenga, chipewa chili m'manja. A Malita atapeza mphamvu anapita okha kwa Anyachirwa kukapempha kuti awaphunzitse kuviika. Ankapisa mikono m'mitsuko yonunkha ija osatsekanso mphuno, ndipo kondowole anayamba kumudya mpaka kunyambita zala. Atsikana anawapatsa dzina loti Nyagomani, ndipo pa ntchemberembaye bwalo lonse linkakuwa dzina limenelo akagwira mpira. Iwo ankangoseka. Ine sindinasiye kulawa chilichonse asanadye, ngakhale tiyi.

Tsiku lomwe tinafika ku Nambuma, amayi anali pamsewu, ndipo anthu anatiuza kuti ankabwerapo tsiku lililonse sabata yonseyo. Sanatipatse moni. Anagwira mkono wa a Malita ndi dzanja limodzi, wanga ndi linalo, n'kutiyendetsa choncho mpaka kunyumba ngati tithawa. A Malita anafotokoza nkhani ya futali akuseka, akuonetsa nsapato zawo zatsopano. Amayi sanaseke. Anapha nkhuku, ndipo nthutumba, yomwe masiku onse inali ya abambo, anaiika m'mbale mwanga.

Masiku ano zinthu zinasintha. Mwana akapita kutali, amaimba foni asanatsike n'komwe basi, ndipo mayi sakhalanso pamsewu sabata yathunthu. Adzukulu anga amandionetsa nyanja ija pafoni, yabata, yokongola, n'kumadabwa ndikamati ndinkaiopa. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 6, koma a Malita anamaliza, nakhala mphunzitsi, ndipo ana anga anaphunzira ndi thandizo lawo. Nkhokwe ija inatidyetsadi.

Chaka chino titangokolola, a Malita anadwala, ndipo ine ndi amene ndinapita nawo kuchipatala ku Lilongwe kukawadikirira. Chakudya chinkawakana. Masana ena ndikuwapukuta nkhope, anatsegula maso n'kunena kuti, "Tikatuluka muno ukandiphikire futali. Koma ulawe kaye, wapolisi iwe." Tinaseka mpaka odwala anzawo anatembenuka.

Tinapita awiri. Pobwera ndinakhala kumbuyo kwa galimoto, pambali pa bokosi, nsapato zawo zili pamiyendo panga. Titafika pamsewu paja ndinayang'ana pamalo pamene amayi ankaima, ngakhale kuti anatisiya kalekale, ndipo ndinathokoza kuti sanalipo kuti asuzumire kumbuyo kwanga. Mtedza wa chaka chino ndinaswa kale, uli m'thumba kuchipinda. Futali sindinaphikebe.