Kagetsi Kamene Amalume Ankazimitsa

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinayamba kunyansidwa ndi anthu amene amatontholetsa chenjezo kenako n'kumalengeza kuti achiza nthenda. Amene anandiphunzitsa zimenezi, iwo osadziwa, anali amalume anga aLaisoni, achimwene awo a amayi.

Tinkakhala kwa Malemia, kumudzi kwa amayi, kufupi ndi Domasi Mishoni. Bambo anali mphunzitsi wa pulayimale wochokera kwina, ndipo ngakhale anamanga nyumba ya njerwa ndi malata, pamudzipo ankawerengedwabe mkamwini. Mwini mbumba anali amalume. Ankagwira ntchito mu ofesi ina ku Zomba, ndipo Loweruka lililonse ankatulukira atavala nsapato zosongoka, kudzatiuza zonse zimene tinalakwitsa sabata imeneyo.

Chaka chimenecho mtima wanga wonse unali pa chinthu chimodzi. Ndinali nditaitanidwa kukalemba mayeso olowera ku sekondale ina ya atsikana yogonera komweko, kupitirira tauni ya Zomba, kumene okhoza bwino ankaphunzira mwaulere. Mayesowo ankalembedwa tsiku limodzi lokha. Ndinawerenga mpaka maso kuwawa, ndinapemphera, ndipo bambo anandilonjeza kuti adzandiperekeza pa galimoto yawo, yakale yochokera ku Japani, imene anali atangogula kumene.

Kenako kagetsi kachikasu kanayaka kuseri kwa chiwongolero. Bambo anati Lolemba apita nayo ku galaji.

"Ku galaji?" amalume anaseka. "Alamu, mukufuna anyamata a girizi m'zikhadabo aja akuphwasulireni galimoto? Dziko linapita patsogolo. Masiku ano galimoto imanena yokha pamene pakuipweteka."

Anatulutsa m'thumba kamakina kakuda, kakang'ono ngati bokosi la machesi. Anagwada pa mpango wawo kuti buluku lisade, n'kukalumikiza pa kabowo ka pansi pa chiwongolero, kenako anatsegula foni. Abale athu anasiya mphale pamphasa n'kudzaunjikana. Ine ndinasuzumira pa windo. Pa foniyo panatuluka chilembo ndi manambala, ndipo m'munsi mwake munali mawu a Chingerezi amene ndinatha kuwawerenga bwinobwino: fani yoziziritsa injini sinkagwira ntchito moyenera.

"Amalume, akuti fani," ndinatero.

"Iwe, wakufunsa ndani? Pita ukatunge madzi."

Anadina batani lofufutira. Mawu aja anachoka, kagetsi kaja kanazima. Anadzuka n'kusasa mpango wawo ngati munthu amene wangoukitsa wakufa.

"Yachira," anatero, ndipo azakhali ena anaomba m'manja.

Lachitatu kagetsi kanayakanso. Loweruka amalume anakazimitsanso. Ndipo zinakhala ngati mwambo wa mapemphero: kugwada, kulumikiza, kudina, kulandira matamando. Fani yeniyeniyo, imene inali mkati mwa boneti, patali ngati mkono umodzi kuchokera pamene ankagwada, sanaiyang'anepo ngakhale kamodzi. Sindikhulupirira kuti ankadziwa n'komwe pamene pali chotsegulira boneti.

Tsiku lina bambo anayesa, ndi mawu otsika.

"Alamu, kodi sitingakaonetseko fani ija?"

"Kagetsi kakuyaka?"

"Ayi, mwangokazimitsa kumene."

"Nanga mukufuna kukachiza chiyani?"

Bambo anayang'ana pansi. Mkamwini kutengera ku galaji galimoto imene mwini mbumba wanena pamaso pa azilongo ake kuti yachira, kunali ngati kuima pabwalo n'kumutcha wabodza. Amayi nawo anangoti, "Musawachititse manyazi achimwene. Iwo ndi odziwa."

Tsiku la mayeso, limene linali Loweruka, amalume anati ayendetsa ndi iwo, popeza msewu wa ku Zomba ankaudziwa kuposa mphunzitsi wa kumudzi. Anachedwa kumwa tiyi, anachedwa kupukuta nsapato, ndipo tisananyamuke anagwadanso n'kuzimitsa kagetsi kaja. Ine ndinakhala kumbuyo, mapensulo ndi rula zili m'manja, ndikupemphera chamumtima. Dzuwa linali litayamba kale kuswa mtengo. Titadutsa Songani tinapezana ndi lole ya mchenga imene inkakwera msewu ngati nkhalamba, ndipo tinaitsatira pang'onopang'ono osapeza mpata wodutsira. Ndinamva fungo ngati la mphika umene wauma madzi pamoto. Tikufika pa Naisi nthunzi inatuluka m'mbali mwa boneti, galimoto inatsokomola n'kuzima.

Apa m'pamene pamandiwawa mpaka lero. Maminibasi opita ku Zomba ankadutsa, makondakitala akukuwa, ena akuima pafupi nafe. Nthawi inalipo. Bambo anandigwira dzanja.

"Alamu, ife tikwereko minibasi, mwanayu asachedwe."

"Mwana wa mlongo wanga akwere minibasi ine ndilipo? Dikirani, ndifufuta pompano."

Anagwada m'fumbi, ulendo uno opanda mpango, n'kudina. Galimoto sinalire. Anadinanso. Anati foni yatentha, anaikupiza ndi chipewa. Anatiuza kuti tisaime pafupi chifukwa tikusokoneza netiweki. Bambo ena ovala chisoti chachisilamu, amene ankagulitsa tomato pamenepo, anabwera kudzathandiza kutsegula boneti. Amalume anaitanitsa ndowa ya madzi a pamjigo, ndipo ngakhale bambowo anawaletsa kuti injini iyambe yazizira, iwo anakhuthulira madzi onse pa chitsulo chotenthacho. Inalira ngati mafuta m'chiwaya, n'kumveka kuthetheka kumodzi m'kati.

Pamenepo bambo anga sanapemphenso chilolezo. Anaimitsa minibasi n'kundikankhira m'kati. Titatsika m'tauni tinakwera ina, kenako tinathamanga wapansi, ine nsapato zili m'manja.

Tinapeza geti lotseka. Kudzera m'mawindo a holo ndinaona mitu ya atsikana itawerama pa mapepala. Mlonda anakaitana amayi ena a magalasi oyang'anira mayesowo, amene anatimvera mwaulemu mpaka bambo atamaliza.

"Pepani abambo," anatero. "Pepala loyamba akumaliza. Sitingamulowetse."

Bambo anavula chipewa ngati tili pamaliro. Sindinawaonepo ali ochepa chonchija.

Madzulo a tsiku lomwelo amalume anali atapeza kale wolakwa. Atakhala pa mpando wa bambo, anauza mbumba yonse kuti kamakina kaja kanali kachinyengo, ndipo anakaponya pa mulu wa zinyalala. Taonani chilungamo cha anthu. Pa tonse amene tinazungulira galimoto ija, kanthu kokhako n'kamene kananena zoona Loweruka lililonse, mosaopa nkhope ya munthu, ndipo n'kamene kanaponyedwa kudzala, monga ankachitira kale ndi aneneri oona. Galimoto inakokedwa ndi chingwe n'kudzaima pansi pa mtengo wa mango, nkhuku n'kumaikira mazira pa mpando wa dalaivala.

Ndinaphunzira pa sekondale yoyendera, ndipo Ambuye, amene sataya ake, anandidutsitsa m'njira ina. Lero ndine namwino, ndili ndi kagalimoto kanga, ndipo ndinagula kamakina ngati komweko. N'kothandiza kwambiri. Kagetsi kakayaka ndimawerenga zimene kakunena, ndimatsegula boneti, chimene ndingathe ndimakonza, chimene sindingathe ndimapita nacho kwa makaniko. Batani lofufutira ndimalidina pomaliza, nthenda itachoka. Koma anthu a mtundu wa amalume ndimakumana nawobe, m'maofesi, m'mabanja, ngakhale pa guwa: ofewetsa mawu, opaka laimu pa khoma long'ambika, olalikira mtendere kwa munthu amene nyumba yake ikufuka utsi. Chikumbumtima nacho ndi kagetsi kamene Mulungu anaika mwa ife, ndipo pali ambiri amene amagwada Lamulungu lililonse kudzangokazimitsa.

Amalume akadali moyo. Chaka chatha pa ukwati wina anandiloza pamaso pa anthu n'kunena kuti ndikanapita kusukulu ija mwina sindikanakhala namwino, choncho ndiziwathokoza. Ndinawakhululukira kalekale, chifukwa Ambuye anatilamula kutero. Koma sanatilamule kuomba m'manja, ndipo manja anga anakhala pamiyendo.