Kukoka Kanayi

Ndikakumbukira a Bonifasi, mphuno zanga zimadzaza fungo la mphira wakale ndi utsi wa m'chigafa cha fodya. Nyumba yawo inali kuseri kwa yathu, kufupi ndi Kasakula, ndipo Lamulungu lililonse tikachoka ku Misa ankatsegula chitini cha mabisiketi n'kutulutsa zinthu ziwiri: galasi lovala kumaso lokhala ndi mphira m'mbali, ndi setifiketi yodindidwa. Masiku a Chitaganya amenewo anali atagwirako ntchito ku Halale, pa kalabu ya azungu olowa pansi pa madzi. Yawo inali kupopera mpweya m'mabotolo achitsulo, koma eni kalabuyo anawaphunzitsa, n'kuwayesa, n'kukhoza. Kenako chifuwa chinawabweza kwathu kumapiri, kumene madzi akuya ndi dziwe limodzi lokha.

Anthu ankawaseka kuti ali ndi setifiketi ya achule. Iwo anatisonkhanitsa anyamata asanu n'kutsegula kalabu yawoyawo padziwepo: botolo palibe, galasi limodzi, ndi chingwe cha khonje chomanga m'chiuno mwa wolowa.

"Ukakoka kamodzi, uli bwino. Ukakoka kanayi, ukufa, tikutulutse. Pachingwe sitinamizana, wamva Lufeyo?" anatero akundiloza.

Anzanga anayi anakhoza, aliyense n'kulandira kapepala ka m'kope kolembedwa dzina lake. Ine ayi.

"Iwe mano ali pamtunda nthawi zonse," anatero. "Pansi pa madzi saseka."

Ndiye ndinawakonzera. Tsiku lina ndinamira, n'kumasula chingwe, n'kuchikulunga kumuzu wa mkuyu. Ndinakoka kanayi, n'kukavuukira m'bango. A Bonifasi anakoka, chingwe gwa! Anadumpha ndi malaya omwe. Anavuuka namiranso, katatu konse, ndipo komaliza anatuluka magazi ali chuchuchu m'mphuno, akukhosomola ngati alavula mapapo, akuitana dzina langa ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo. Ine m'bangomo nthiti zikuwawa ndi phwete.

Bambo anathyolera ndodo ziwiri pamsana panga, ndipo kalabu inathera pomwepo. Koma nkhani inayenda. Kumowa, munthu akakhuta ankakoka malaya a mnzake kanayi, onse gwa ndi kuseka. Mayi akatopa pamtondo ankati, "Ndakoka kanayi ine, tandilandirani!" Mudzi wonse unaloweza.

Dzinja la chaka chomwecho dziwe linameza Aginesi, kamwana ka a Nabanda, katatsatira amake kochapa. Amuna anafufuza ndi nsungwi tsiku lonse, osamupeza. M'mawa a Nabanda anakagwada pakhomo pa a Bonifasi.

"Bambo, ngakhale thupi lokha. Ndidziwe pokalira."

A Bonifasi anatsika kudziwe akupumira panjira kawiri. Mpweya wofotokozera zambiri analibe. Anangodzimanga chingwe n'kupatsa amuna omwe aja ankawaseka za setifiketi ya achule. Nditatambasula dzanja, anati, "Osati uyo."

Madzi anali ofiira ndi matope. Thovu linabwera, kenako linaleka. A Nabanda anasiya kulira, tonse maso pachingwe. Chinagwedezeka.

"Kamodzi," anatero wina. "Kawiri. Katatu."

"Kanayi!" linakuwa khamu lonse, ndipo palibe anafunsa mnzake tanthauzo. Anakoka mpaka khonje kuwasenda m'manja. A Bonifasi anatuluka ali lefu, milomo itada, Aginesi ali m'khwapa. Mwanayo tinamuika tsiku lomwelo. A Bonifasi sanadzukenso pamphasa. Chimanga cha chaka chimenecho sanachilawe.

Ansembe anandiitana kuti ndilape za muzu wa mkuyu. Ndinawafunsa kuti kodi anaphunzitsa mudzi kuwerenga mpaka kanayi ndani? Pakadapanda ine, m'dziwemo mukadatsala awiri. Anandithamangitsa, ine n'kumaseka njira yonse, ndipo mpaka lero sindinalape.

Chitini chija akazi awo anabweretsa kwathu maliro atatha. Pansi pa galasi panali kapepala ka m'kope, dzina langa, ndi mawu amodzi: "Sanakhoze." Ndinapita nako ku sekondale, kumene anandipatsa ntchito yoimba belu. Aphunzitsi amadandaula kuti sindimva malamulo, chifukwa chingwe cha belulo ndimakoka katatu kapena kasanu, osati kanayi monga mwa lamulo.