Nkhunzi Yofiira ya Consolata

Inu amene mukuti moyo wakukanikani, tamvani za Consolata, mayi wa m'mudzi wina kufupi ndi boma la Lilongwe, m'zaka zija za Chitaganya.

Mwamuna wake atamwalira, achibale a malemuwo anabwera ndi zingwe misozi isanaume n'komwe. Anatsegula khola n'kukusa ng'ombe zonse. Anamusiyira ana atatu ndi kathole kamodzi kofiira kotsegula m'mimba, poganiza kuti sikafika patali. Katholeko malemu anapatsidwa pa famu ya mzungu pamene ankaweta ng'ombe, make wa katholeko atafa. Kanali ka mtundu wa Afirikanda, ng'ombe za nyama zimene anthu akumudzi ankangozionera pawaya.

Consolata analira, osati pang'ono. Koma kutacha anaphika phala n'kukamwetsa katholeko ndi botolo. Kuti ana adye, ankasenza nkhuni kukagulitsa kumsika wa Lilongwe, pobwerera n'kusenzanso mtolo wa udzu. Khosi lake silinkapuma.

Kathole kanachira, kanakula, mpaka kanasanduka chinkhunzi chachifuwa chotambalala ndi nyanga zoyang'ana m'mbali.

Tsono anthu kumeneko anali ndi chizolowezi chodzipweteka nacho okha. Nkhunzi ikangooneka yathanzi, ankaithena kuti izikoka ngolo. Zokwera zazikazi zinkatsala tinkhunzi tokwinimbira, mathole n'kumabadwa ngati mbuzi, eni ake ali kalikiliki kufufuza amene wawalodzera khola.

Reinford, mlongo wake wamkulu wa Consolata, anali ndi ngolo koma ng'ombe yokoka inali imodzi. Tsiku lina anafika ndi mpeni wonolanola.

"Mlongo, khosi lakolo lithyoka," anatero. "Tiithene iyi, tiimange pagoli ndi yanga, nkhuni zako zizipita pa ngolo. Ulibe yaikazi ngakhale imodzi, nkhunzi ndi yachiyani?"

Kunena zoona, mawuwo anamulowa. Msana unali ukuwawa ndipo m'nkhokwe munali mutatsala pang'ono. Koma kumsika ankakhala pafupi ndi butchala ya Abdulaziz, ndipo ankaona mmwenyeyo akubweza ng'ombe zakumudzi, amvekere mafupa okhaokha, n'kumathamangira za kumafamu. Mtundu wa kumafamuwo unali m'khola mwake, ndipo mpeni ukanangodutsa, unali utathera pomwepo.

"Achimwene, bwezani mpeniwo m'thumba," anayankha. "Nkhuni ndisenzabe."

Reinford anachoka akutukwana, ndipo kuyambira tsikulo ngolo yake inkamudutsa mlongo wakeyo panjira osaima. Chaka chimenecho njala inawakhaulitsa. Ana anagonera gaga, ng'ombe ikugawana nawo gaga yemweyo. Kuchitsime amayi ankaseka kuti Consolata wakwatiwa ndi nkhunzi. Iye ankangoti, "Eya, ndipo siimwa mowa," n'kusenza ndowa yake, koma akafika kuseri kwa nyumba ankapukuta misozi.

Nkhunzi ija inkadya kudambo limodzi ndi ng'ombe za anthu. Dzinja lotsatira m'makola munayamba kubadwa mathole ofiira, ndipo posakhalitsa anapitirira amayi awo msinkhu. Imodzi mwa ng'ombezo itakula n'kukafika kwa Abdulaziz, iye anaizungulira kawiri, kenaka anapalasa njinga mpaka kumudzi kuti akaone tate wa ng'ombeyo.

"Mayi, za mtundu uwu zikamabwera, ine sindidzabweza ngakhale imodzi," anatero kwa Consolata.

Mbiri inawanda. Alimi a ku Mitundu, ku Nathenje ndi ku Nsaru anayamba kufika akukoka zazikazi pazingwe. Apa Consolata anachenjera: anaitsekera m'khola nkhunzi yake, ndipo wobwera ndi zazikazi zingapo ankadzamusiyira thole limodzi lalikazi. Khola linadzaza, ana analowa sukulu, ndipo nkhuni anasiya kusenza.

Nanga Reinford? M'khola mwakenso munabadwa kathole kofiira kakamuna. Anzake atabwera kuti akathene, anaima pakhomo la khola atatambasula manja.

"Iyi musaikhudze! Simudziwa kuti mbewu sathena?" anakuwa, ngati nzeruyo anabadwa nayo. Consolata anaseka mpaka anakhala pansi.

Mwina nanunso mwatsala ndi kanthu kamodzi kokha, ndipo anthu okufunirani zabwino akuti mukawononge kuti mupumeko lero. Akaneni mwaulemu, limbani khosi, senzani kaye mtolo wanu. Kaya akuseke mudzi wonse, inu mtima wokha musautaye.