Tiyi wa Ababa m'Belo la Fodya

Pa nkhani ya fodya panalibe wowauza kanthu ababa, kuyambira kwathu ku Chezi mpaka kumapiri a Ntchisi. Belo lawo silinabwezedwepo ku okushoni. Koma anali munthu wosayankhula. Ine ndili wamng'ono anawatenga n'kukawatsekera ku Dzaleka, nthawi imene malowo anali ndende ya anthu a ndale, ndipo potuluka anabwera ndi thupi lokha, pakamwa anasiya komweko. Zimene anaona sanatiuze. Akamapita ku Boma ankalolera kuzungulira njira yaitali kuti asadutse pafupi ndi malowo.

Matipate atabwera, ndende ija inasanduka kampu ya anthu othawa nkhondo kwawo. Ine ndinali mphunzitsi wa pulayimale, ndipo Loweruka ndinkapita kukagulitsa mbatata kumeneko. Ndinazolowerana ndi bambo wina wa ku Somalia amene anatsegula kagolosale. Tsiku lina anandiuza kuti mkulu wake ali kunja, kutsidya kwa nyanja, ndipo akufuna tiyi wa kuno, osati fumbi la m'timapaketi timene ife tinkagula, koma masamba enieni apamwamba a ku Thyolo. Ankasowa munthu wokagula n'kumubweretsera, iye n'kukweza pa lole.

Kunyumba ndinangoinena ngati nkhani yocheza. Ababa anadzutsa mutu n'kufunsa kuti kunja kwake n'kuti.

Kuyambira pamenepo ababa anasintha. Anayamba kuyankhula, abale inu, mpaka kutisokosera. Ankati fodya wawo wakhala akupita kunja zaka zonsezi m'dzina la anthu ena, koma tiyi ameneyu apita m'dzina lawo. Anagulitsa ng'ombe za pangolo, navala jekete la kutchalitchi, nakwera basi ya kumwera. Amayi, amene sankakhulupirira za geni, sanatsutse ngakhale pang'ono. Anandinong'oneza tikutsuka mbale kuti, “Bambo ako atuluka tsopano.” Ine ndinasangalala kwambiri, ndipo ndinkachitanso mantha.

Tiyi anabwera m'matumba a mapepala onyezimira mkati, omata bwinobwino. Ababa anatsegula limodzi, natapa, nafikisa m'manja. Masamba aja anali ouma gwa, ongofumbutuka. Anapukusa mutu nati anthu a kumwera sadziwa kusamala tsamba. Mlimi aliyense wa fodya amadziwa kuti tsamba louma suligwira, limathyoka n'kutsika giredi. Umayamba walifewetsa. Ndiye tinakhuthula matumba onse, n'kuyala tiyi uja pamphasa m'chigafa mmamawa kuti nkhungu ya m'mapiri imulowe, ababa n'kumawazako timadzi ndi kanthambi. Atafewa anamudinda ndi jeke, monga tinkachitira ndi fodya, n'kumukulunga m'chiguduli. Belo lake linatuluka lokongola, la makona anayi, ndipo wosoka ndinali ine.

Anthu ndikawauza zimenezi amaseka, ndipo amandikwiyitsa. Inu mukanadziwa? Kwathu tiyi samera. Tonse tinkaona kuti tsamba ndi tsamba basi, ndipo m'busa wa mpingo wathu amene anabwera kudzalipempherera belolo analisisita n'kuyamikira kulimba kwake. Linakhala m'chigafamo milungu ingapo, pambali pa fodya, kudikira lole.

Tsiku lokapereka ndinawapempha ababa kuti ndipite ndekha. Anakana. Anati malo amene analowa atamangidwa akufuna akalowemo ndi miyendo yawo, atanyamula katundu wawo. Tinakwera matola. Pofika anaima kaye pang'ono, nakonza kolala ya jekete, nalowa ali njo, akupatsa moni aliyense.

Wa golosale uja anatilandira bwino, natipatsa mipando. Kenaka anatenga mpeni n'kung'amba chiguduli. Fungo limene linatuluka mmenemo sindidzaliiwala, fungo la chuku losakanikirana ndi fodya. Mkati munali chibuma cholimba, chitayera mbuu. Bambo uja anali atalonjeza kale mkulu wake, lole ili panja. Anamenya tebulo ndi chikhatho n'kuyamba kukalipa m'chinenero chakwawo. Sankatukwana ababa ayi, ankangolira tsoka lake.

Nditacheuka ndinapeza pampando palibe munthu. Ababa anali atanjuta pansi, manja onse pamutu, maso pa dothi, chipewa chili uko. Mwamuna wamkulu, mkulu wa mpingo, ali ndi jekete lake la Lamulungu. Ankanena ndi kamawu kakang'ono kamene sindinakamvepo chibadwire.

“Ndalakwa, bwana. Ndalakwa, bwana.”

Wa golosale anangoti kukamwa yasa. Kenaka nkhope yake inasintha, pakuti nayenso anachokera kumene anthu amanjuta chotero, ndipo anazindikira chimene akuona. Anagwada nawagwira paphewa kuti awadzutse, koma atangowakhudza, ababa anadzipinda kwambiri n'kubisa nkhope m'zigongono. Anthu anayamba kuunjikana pakhomo. Ine mtima unandiwawa, manyazi ndi ukali pamodzi, ndinawathamangitsa onse ngati ana a sukulu. Ndiye ndinagwada pafupi ndi ababa.

“Ababa, dzukani. Tiyeni tizipita kwathu.”

Sanandiyang'ane. Anafunsa monong'ona, maso ali pansi pomwepo.

“Alola?”

Ndinawauza kuti ndine mwana wawo, kuti zinthu zinasintha, kuti pano ndi pa golosale chabe ndipo palibe wotiletsa. Mawu anga sanawamve. Anakhalabe chinjutire mpaka ndinachita kumupempha bambo wothawa nkhondo uja kuti aimirire n'kuwalamula. Anakana kaye, akupukusa mutu, misozi ili mbwee. Kenaka anaimirira, ndipo m'Chichewa chake chothyokathyoka anawauza ababa kuti mlandu watha, akhoza kupita kwawo.

Pamenepo m'pamene anadzuka, nawomba m'manja kuthokoza.