Tsiku Limene Mkodzo Unakana M'mwezi wa Ramazani

Ndayendetsa malole zaka zoposa makumi awiri, ndipo chamba sindinasutepo. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ukangonena kuti kwanu ndi ku Nkhotakota, anthu ena amathamangira kukuyang'ana m'maso ngati muli mofiira. Mowa sindimwa, ndine Msilamu. Vuto langa ndi mtima wapachala. Pa nthawi imene ndikunenayi, ku ofesi kunali kale makalata awiri ondichenjeza. Ina inali ya kutukwana mlonda wa pageti, ina ya kumenya tebulo pamaso pa abwana. Yachitatu ikanakhala yonditsanzika, ndipo pakhomo panga pali anthu asanu ndi awiri odya ntchito imeneyi.

Kampani yathu ndi yonyamula katundu, depoti yake ili cha ku Dwangwa, ine ndimakhala ku Liwaladzi. Chaka chimenecho anayamba kuyeza madalaivala ngati akugwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo. Lamulo lake anatiwerengera pamsonkhano. Tsiku sakuuza. Dzina lako likatuluka, umasiya chilichonse n'kupita kukapereka mkodzo. Akakupeza ndi chamba m'thupi, ntchito yatha. Ukakana kuyezedwa, amakutenga ngati wapezeka nacho, ntchito yathanso. Ine ndinasaina mtima uli m'malo. Ndinkati zimenezo ziwakhudza ena.

Dzina langa linatuluka sabata yachitatu ya Ramazani. Kunkatentha kutentha kuja kwa kunyanja nthawi ya dzinja, koti malaya amamatirira pamsana ngakhale uli pamthunzi. Madzi omaliza ndinamwa pa daku, chakudya chimene timadya kusanache. M'mawa wonse ndinali pamsewu. Nditafika pa depoti cha m'ma 12 koloko, ndinapita kuchimbudzi n'kutaya timadzi tonse tomwe tinali m'thupi, ndinatawaza, kusamba kokonzekera pemphero, n'kukaswali kuseri kwa lole. Ndikupinda mkeka, ndinamva abwana akundiitana. Akanandiitana mphindi khumi m'mbuyomo, nkhani ino sikanakhalapo.

Ananditengera m'chipinda cha misonkhano, chimene chili pafupi ndi chimbudzi cha mabwana. Panja pa benchi panali madalaivala anzanga awiri akudikira. M'katimo munali amayi ena a msinkhu wanga, namwino wochokera ku chipatala china chimene kampani inagwirizana nacho. Kalankhulidwe kawo kanali ka kumpoto. Anaona chiphaso changa, anandipatsa fomu, n'kundifunsa ngati pali mankhwala amene ndamwa masiku amenewo, kaya a kuchipatala, kaya ogula pa golosale, kaya azitsamba. Anati ndisabise ngakhale a chifuwa, chifukwa ena amaoneka poyeza. Ndinatchula a kuthamanga kwa magazi, iwo analemba. Kenako anati ndiuzire mpweya m'kachipangizo koyezera mowa. Pamenepo panalibe vuto, kuuzira sikuononga swaumu, kusala kwathu kwa Ramazani.

Atatero anati ndikhuthule m'matumba. Foni, makiyi, chikwama, zonse patebulo. Ndisambe m'manja iwo akuona. Anandipatsa kapu ya pulasitiki yomata, ndinaitsegula ndekha, n'kundionetsa mzere umene mkodzo uyenera kufika. Ine ndinatenga kapuyo dzanja ili, dzanja linalo botolo langa la madzi, n'kulunjika kuchimbudzi.

"Botololo lisiyeni pano, bambo."

Ndinawauza kuti ife sitilowa m'chimbudzi opanda madzi. Munthu ukataya madzi umadziyeretsa, apo ayi sungaswali ndi zovala zimenezo. Iwo anayankha kuti m'chimbudzimo madzi salowa, mpope atseka, ndipo a m'mtondo athiramo mankhwala abuluu, chifukwa ena amasungunula mkodzo ndi madzi. Anati ndikangowapatsa kapu andibwezera botolo ndikalowenso. Lero ndikuona kuti zinali zomveka. Tsiku limenelo ndinangomva zoti ena amasungunula. Ndinawafunsa ngati nkhope yanga ikuoneka ya wakuba, ndipo botolo ndinaliika patebulo mwamphamvu mpaka cholembera chawo chinagwa pansi. Anachitola okha.

Ndinalowa, iwo anaima kunja kwa chitseko. Ndinaima, ndinakhala, ndinaimanso. Panatuluka timadontho tochepa, takuda ngati tiyi wopanda mkaka, tosakwana kuphimba pansi pa kapu. Amayiwo atationa anati n'tosakwanira, anatitaya, n'kulemba nthawi pa fomu. Anandifotokozera kuti zoterezi zimachitika. Munthu amapatsidwa madzi, amakhala m'chipindamo osatuluka, ndipo ali ndi maola atatu. Akapyola osapereka, popanda matenda odziwika, zimalembedwa kuti walephera, ndipo ku kampani yathu kulephera ndi kukana n'chimodzi. Anatulutsa botolo la madzi lomata n'kundiikira patsogolo.

Ndinawauza kuti ndafunga, sindidya kapena kumwa mpaka dzuwa litalowa. Anati pepani, sanadziwe. Ndinapempha kuti adikire dzuwa lilowe, ndikamasula ndimwa madzi ndowa yonse ngati akufuna. Anati sizingatheke, nthawi yalembedwa kale, maola atatuwo atha 4 koloko isanakwane. Ndinati aitane abwana.

Abwana athu ndi munthu wocheperapo kwa ine, wophunzira, wolankhula motsitsa mawu. Anamvetsera n'kunena kuti lamulo silinatchule za kusala, ndipo akandisinthira ine, mawa aliyense wosuta adzati wafunga. Apo ndiye ndinayaka. Ndinawafunsa ngati pa kalendala yawo Ramazani siioneka, pamene theka la madalaivala awo ndi Asilamu. Ndinanenanso zina zimene sindilemba pano. Mnzanga wina wa ku Ngala, amene amakonda kunditcha Shehe mondiseka, anasuzumira pawindo.

"Ashehe, ingovomerani kuti usiku munalawako kachamba ka kumapiri. Tonse ndife anthu."

Anzanga anaseka. Ine ndinakankha mpando n'kulunjika kuchitseko. Sindikudziwa ngati ndinkapita kukamugwira pakhosi kapena kunyumba. Amayi aja sanadzuke pamene anakhala.

"Bambo, mukadutsa chitseko chimenecho ndilemba kuti mwakana. Sindikufuna kulemba zimenezo. Khalani pansi."

Ndinakhala pansi. Abwana anatuluka. Amayiwo anapitiriza kuyeza anzanga aja, mmodzi mmodzi, ndipo aliyense ankatuluka m'chimbudzi ndi kapu yodzaza ngati palibe chovuta. Ine ndinali pakona, ine ndi botolo tikuyang'anana. Chiyambire kufunga ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, ndinali ndisanamasulepo masana kupatula chaka chimene ndinagonekedwa ndi malungo. Ndinayesanso kachiwiri patatha ola, osamwa kanthu. Sipanatuluke ngakhale dontho.

Nthawi itapitirira 2 koloko ndinapempha foni. Anandilola, koma anati ndiyimbe iwo akumva. Ndinayimbira ashehe a pamzikiti wathu, munthu wamkulu amene anandiphunzitsa kumadrasa ndipo ndodo yawo ndimaikumbukira. Ndinafotokoza mofupika. Anandifunsa ngati anthuwo angadikire, ndinati akana. Anafunsa ngati ntchito ithadi, ndinati itha. Kenako anati ndimwe madzi amene akufunikawo, ndisadye kanthu, ndipo tsikulo ndidzalibweze ikapita Idi, chikondwerero chotsekera Ramazani. Ndinkati atha, koma anawonjezera.

"Mawu akowo ndawamva, wakalipa kale iwe. Swaumu yako yayamba kubooka usanamwe madzi."

Amayi aja anamva zonse. Anaweramira pa mapepala awo, ndipo pamene ndinkatsegula botolo anatembenukira kukhoma ngati akufuna china m'chikwama. Madziwo anali ofunda. Ndinamwa botolo limodzi, patapita kanthawi anandipatsa lina, n'kunena kuti basi, ochuluka amasungunula mkodzo ndipo ndingafunike kubwereza. Ndinayendayenda m'chipindamo ngati mbuzi yomangirira. Thupi louma limayamba latenga gawo lake lisanatulutse kanthu. 3 koloko inakwana, zii. Itadutsa hafu, ndinamva kuti zatheka.

Kapu inafika pamzere, kupitirira pang'ono. Amayiwo anayang'ana kapepala ka m'mbali mwake koonetsa ngati mkodzo ndi wofunda, kutsimikiza kuti wachokeradi m'thupi nthawi yomweyo. Anagawako wina m'kabotolo, anamata ine ndikuona, ndinasaina pomatapo. Umenewo ndi wotumiza kukayezanso ngati pali chokayikitsa. Mu wotsalawo anaviika kachipangizo kokhala ndi timawindo tingapo, n'kukagoneka patebulo. Anandibwezera botolo langa lija, ndinakadziyeretsa.

Pobwerera ndinapeza pa windo lililonse patuluka mizere iwiri. Aliyense wa kuno amadziwa kuti poyeza malungo mizere iwiri ndiye kuti akupeza nawo. Ndinayamba kukweza mawu kuti kachipangizo kawoko n'kabodza, ndipo ayitanenso abwana. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo amayiwo anaseka. Anati apa n'zosemphana, mizere iwiri ndiye kuti mulibe kanthu, woopsa ndi mzere umodzi. Anandionetsa pamene zinalembedwa pa paketi. Ndinawerenga ndekha kawiri.

Ndikusaina fomu yomaliza, abwana analowa. Anafunsa zotsatira, anauzidwa. Kenako anafunsa amayiwo ngati akufuna kulemba dandaulo pa khalidwe langa. Ndinadziwa kuti imeneyo ndiyo kalata yachitatu. Amayiwo anayankha akutseka chikwama kuti pa fomu yawo pali malo a mkodzo, a phokoso palibe. Abwana anandiyang'ana, n'kundiuza kuti lole ikudikira. Kwa amayiwo ndinangoti zikomo. Pepani anandikanika kutuluka pakamwa, ndipo zimenezo zimandivutabe.

Madzulo kunyumba ndinakhala pamphasa ndi ana nthawi yomasula, ndinalandira phala ngati wina aliyense. Mayi a kunyumba ndinawauza ana atachoka. Sanadabwe ndi za madzi. Anangofunsa kuti ndatukwana angati.

Tsikulo ndinalibweza Lolemba lina itapita Idi, ndili pa ulendo wa ku Salima, ndekha, anzanga akudya chimanga chootcha m'njira. Pambuyo pake tinapita madalaivala anayi kukapempha kuti m'mwezi wa Ramazani aziyeza m'mawa. Ndinapempha wina kuti alankhule, ine ndinangoima kumbuyo. Abwana anati ayesetsa koma salonjeza, chifukwa nthawi amasankha ndi a chipatala.

Ndiye ndinapeza njira yanga. Pa daku ndimamwa madzi mpaka mimba kulira. Ndipo masana ndikafika pa depoti, ndisanapite kuchimbudzi, ndimayamba ndazungulira ku ofesi kukaona ngati galimoto yoyera ya a chipatala yaima pansi pa mtengo wa mango.