Mlandu wa ababa umene sunazengedwe

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi, masiku a chipani chimodzi aja, tikukhala pa Ulongwe. Amayi ankagulitsa zitumbuwa m'mbali mwa msewu, ine ntchito yanga inali kukulungira ogula. Tsiku lina masamba a nthochi atatha, ndinang'amba nyuzipepala yakale imene ababa, amene anali telala, ankadulirapo mapatani a malaya. Sindinayang'ane kuseri kwake. Kalanga ine! Kunali chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, ndipo ndinaching'amba pankhope penipeni.

Wogulayo anali mnyamata wa chipani. Atamaliza kudya anatambasula pepala lija, chithunzi chonse chili mafuta okhaokha.

"Wachita zimenezi ndani?" anafunsa.

Ababa anadzuka pa makina awo osokera pakhonde la sitolo yapafupi.

"Ndine, achimwene. Mwanayu musiyeni."

Anawatenga masana omwewo, tepi yoyezera idakali m'khosi.

Amayi ankakhulupirira khoti. Ankati ababa akangoima pamaso pa woweruza n'kufotokoza kuti sizinali dala, nkhani itha. Ndiye Lolemba lililonse ine ndi amayi tinkakwera basi ya ku boma ku Kasupe, n'kukakhala pa benchi ya kumbuyo, kumvera milandu ya mbuzi ndi ya ndewu, kudikira dzina la ababa. Miyezi inadutsa. Tsiku lina kalaliki wa pakhotipo anatimvera chisoni, natiitanira pambali.

"Mayi, mukungodzivuta. Amuna anu alibe mlandu kuno. Osungidwa ndi boma sabwera kukhoti, ndipo woweruza sangayerekeze kufunsa za iwo."

"Nanga ngati alibe mlandu, bwanji osawatulutsa?" anatero amayi.

Kalaliki uja anayang'ana uku ndi uku, n'kubwerera m'kati.

Ababa anabwera patatha zaka zitatu, akutsokomola, maso atafooka moti sankathanso kulowetsa ulusi pa singano. Sanandidzudzule ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo zinkandipweteka kuposa chikwapu.

Lero malamulo aakulu a dziko lino amati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe masiku awiri, auzidwe mlandu wake, ayankhepo. Ndikamva anthu m'minibasi akung'ung'udza kuti makhoti akungoteteza mbava, mtima umandiwira. Nanenso mbava zimandinyansa, ndisaname. Koma ababa sankapempha chikhululuko iyayi. Ankangofuna woweruza mmodzi wowafunsa kuti chinachitika n'chiyani, ndipo anamwalira asanafunsidwe.