Udzu wa M'munsi mwa Khoma la Asilikali

Mvula inali isanagwe, koma madzulo mphepo inkabwera ndi fungo lake. Masana dzuwa linkaswa mtengo. Nyengo yotere imafuna kuti munthu akhale pafupi ndi munda wake, mizere itatha, mbewu zili m'thumba kuseri kwa chitseko. Si nyengo ya maulendo. A Nakhasu ankadziwa zimenezi, komabe anakwera basi ya ku likulu, chifukwa mwana wawo wamkazi, telala wa mumzindamo, anali atatumiza uthenga woti dzina la amalume ake walipeza pa khoma la asilikali.

Dzina loti Nakhasu anawapatsa ndi anansi awo. Ndi mayi woti akaona udzu pomwe sufunika, manja amawayabwa. Amazula kuchipatala podikira dokotala, amazula pomwe amakwerera basi, ngakhale pakhomo pa eni ake asanawapatse mpando. Kupalira anawaphunzitsa ndi achimwene awo, iwo akadali kamtsikana. Achimwenewo anapita kunkhondo nthawi yopalira, atasiya khasu pakati pa mzere, nati adzamaliza akabwera. Mzerewo anamaliza ndi a Nakhasu. Mtembo sunabwere. Bambo awo ali ndi manda, mayi awo ali ndi manda, amuna awo ali ndi manda, ndipo onsewa amawalambulira chaka ndi chaka. Achimwene okha ndi amene anali asanawagwirirepo ntchito iliyonse ya pamanda. Ndicho chimene anapitira kumzinda, ndipo mawa lake ankayenera kubwerera mvula isanawapeze panjira.

Telala anatseka shopu yake tsiku limenelo. Ulendo anali ataukonza kale m'mutu.

"Tiyamba ndi chipilala, amayi. Kenako nyumba ya malamulo, muione kunja kokha. Kenako kosungira zinthu zakale, timalizire kumalo a nyama. Kuli mkango."

"Mkango ndiutani ine?"

"Mukawauze anzanu."

"Anzanga ali m'munda, alibe makutu a mkango."

Chipilalacho chinali pakati pa bwalo lalikulu la miyala yosalala. Pamwamba pake panali msilikali wachitsulo atagwira mfuti, nkhope yake yosafanana ndi munthu aliyense amene a Nakhasu anamuonapo. Kumbuyo kwake kunali khoma lakuda, lalitali, lodzaza mayina ozokotedwa. Telala anayendetsa chala mpaka pansi, naima. A Nakhasu sadziwa kuwerenga. Anawerama, naika dzanja pomwe panali chalacho. Mwala unali wotentha ngati chiwaya.

"Ndi apa?"

"Ndi apa."

"Awaikiranji pansi chonchi? Anali aatali aja."

Telala anawauza kuti akhale pabenchi, iye akagule madzi akumwa ndi kufunafuna wojambula zithunzi.

M'munsi mwa khomalo munali kamzere ka dothi, ndipo m'dothimo munali udzu wa masamba aatali owonda, wa nsonga zoyera ngati nthenga. Mwina ndi mwina unali utachita chikasu ndi dzuwa. Nsonga zake zinkakhudza mayina a pansi. A Nakhasu anauyang'ana kanthawi. Kenako anavula nsapato, nazisiya pansi pa benchi, namanga nsalu m'chiuno.

Anayambira pa dzina la achimwene awo. Atayeretsa pamenepo, anachita manyazi kusiya a m'mbali, poti nawonso anali ana a eni. Ankagwira tsinde m'munsi, kuzula, kugwedeza dothi, n'kuligoneka pamwala mizu itaona kumwamba kuti dzuwa liuphe, monga momwe achimwene awo anawaphunzitsira. Dothi linali lofewa modabwitsa. Ntchito inkayenda.

Anali atafika chapakati pa khoma pomwe wezulo inalira.

"Iii! Mayi! Mukutani apo?" Anali mlonda wa pageti, akubwera mothamanga, dzanja lili pachipewa.

"Ndikupalira, bambo."

"Wakutumani ndani?"

"Udzu umafuna kutumidwa?"

"Tiyeni, valani nsapato mutuluke. Uku ndi kuwononga katundu wa boma."

Telala anafika ndi mabotolo a madzi, naima kukamwa yasa.

"Pepani achimwene, ndi mayi anga. Angofika kumene kuchokera kumudzi."

"Kumudzi kulibe malamulo?"

Phokosolo linaitana wosamalira maluwa, bambo wachikulire wa chipewa chong'ambika, amene anabwera akukankha wilibala. Anaima, nayang'ana udzu utandandalikidwa bwinobwino pamwala. Kenako anatembenukira kwa a Nakhasu.

"Mwagwedeza ndi dothi lomwe."

"Ukapanda kugwedeza umaphukanso," anatero a Nakhasu.

"Eya. Ndiye vuto lake limenelo, mayi. Uwu timafuna uphuke."

Anawafotokozera mosakweza mawu. Udzuwo anachita kukagula kogulitsa mbande. Anaubzala yekha, nauthirira chilimwe chonse. Kumapeto kwa sabatayo akuluakulu ankayembekezeka kudzaika nkhata za maluwa, ndipo akapeza khoma lili mbee, mafunso akanagwera iye.

"Mumabzala udzu? Dala?"

"Dala."

"N'kumauthirira?"

"M'mawa uliwonse."

A Nakhasu anayang'ana manja awo, kenako dothi la pansi pa dzina lija, lomwe tsopano linali lamaliseche.

"Ndiye kuti ndakwera basi ulendo wonsewu kudzawawonongera achimwene anga pakhomo."

"Tiyeni, tiyeni," anatero mlonda, akuloza kugeti.

"Ndisiyeni ndiubwezere, bambo. Mukanditulutsa, mawa ndikukwera basi, ndipo chomwe ndawachitira achimwene chikhala chimenechi."

Wosamalira maluwa anatola tsinde limodzi, napinda muzu ndi chala. Sunathyoke.

"Ukadali wamoyo. Koma dzuwa ili silidikira munthu, ndipo ndekha sindingamalize lisanauwotche." Anatembenukira kwa mlonda. "Asiyeni kaye, akulu. Muwathamangitse akamaliza."

Mlonda anayang'ana kugeti, nayang'ana kumwamba. Thukuta linali litanyowetsa kolala yake.

"Abwana akabwera, ine sindinaone chilichonse," anatero, napita kukaima pamthunzi.

Wosamalira maluwa anatulutsa kakhasu kakang'ono ndi keni yothirira m'wilibala muja. A Nakhasu anakatembenuza kakhasuko m'manja.

"Aka ndi ka ana?"

"Ndi ka mumzinda."

Anagawana ntchito. Bamboyo ankakumba timaenje, a Nakhasu ankaika tsinde, kukwirira ndi kutsendera. Anafunsa kutalikirana kwake kamodzi kokha, atauzidwa sanafunsenso. Alendo ena ankadutsa, kujambula chipilala, n'kumapita.

"Amayi, nanga mkango?" anafunsa telala.

"Ukaupatse moni."

Telala anaima pang'ono, kenako nayenso anavula nsapato, natenga keni kupita kumpopi. Pobwera anathira madzi mwamphamvu mpaka mizu inaonekera.

"Manja a singano awa," anatero mayi ake. "Thira m'mbali, pang'onopang'ono. Sukutsuka mbale."

Nyumba ya malamulo anangoona denga lake patali, kuseri kwa mitengo. Kosungira zinthu zakale anatseka iwo akadali chogwada. Wojambula zithunzi uja anabwera, napeza anthu ali matope m'mawondo, nabwerera osafunsa.

Mthunzi wa chipilala utafika pakhoma, panatsala matsinde ochepa. A Nakhasu anali atapatula limodzi, lalifupi kuposa onse, loti silingaphimbe dzina, ataliphimba ndi mpango wonyowa. Anaitana mwana wawo.

"Ndilozerenso paja."

Telala analoza. A Nakhasu anagwada, nakumba okha dzenje pansi pa dzinalo. Anayala mizu, nakwirira, natsendera dothi ndi chikhatho. Anazunguliza kamkombero ndi chala kuti madzi asathawe. Kenako anatenga keni, nathira m'mbali pang'onopang'ono mpaka dothi linasiya kumwa.